Benzi Yotchipa ya a Lameki

Chaka chimenecho fodya adagulidwa bwino ku okushoni ya ku Chinkhoma, moti alimi amene chibadwire ankayenda wapansi adayamba kufunsa mitengo ya njinga zamoto. Sankhani wa ku Kapelula adapitirira pamenepo. Adamva kuti ku Wimbe kuli mwini esiteti wina, a Lameki, amene akugulitsa Benzi pa K900,000, ndipo mtima wake sudakhalenso m'malo.

Lachiwiri m'mawa adatulukira pa galaja ya mlamu wake Cornelius, kuseri kwa msika wa pa boma. Cornelius adali mlongo wake wa Fainala, mkazi wa Sankhani. Adali atagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi awiri, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kusalankhula zambiri, ndi kusanamiza munthu pa za galimoto.

"Alamu, tasiyani kaye minibasiyo," adatero Sankhani atawerama kuti awone nkhope ya mnzakeyo kunsi kwa galimoto. "Tiyeni ku Wimbe mukandionere Benzi."

Cornelius adatuluka chagada, napukuta manja pa ovolosi. Atamva mtengo wake adayang'ana mlamu wake kwa kanthawi.

"Mwamva bwinobwino? Galimoto imeneyo ndimaidziwa, inkadutsa pamsewu apa. Yakuda, mipando yachikopa, injini yaikulu. Imeneyo ndi ya mamiliyoni atatu ndi theka. Munthu sagulitsa ng'ombe pa mtengo wa mbuzi popanda chifukwa. Kapena ndi yakuba, kapena injini idagogoda, kapena idagubuduzika n'kuiwongola."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

"Nanga inu Benzi mukatani nayo ku Kapelula? Mabelo muzidzanyamulira pampando? Gulani pikapu, alamu."

Sankhani adaseka, koma maso ake sadaseke nawo. "Atate anga adamwalira akuyenda pa ngolo yobwereka. Ine ndikufuna tsiku limodzi ndidzafike pa tchalitchi anthu n'kutembenuka. Limodzi lokha basi."

Cornelius adaika masipanala angapo, tochi ndi kamaginito m'chikwama, onse awiri nauyamba ulendo.

Udali mwezi wa Seputembala. Minda idali yopanda kanthu, mapesi atatenthedwa, ndipo kobiriwira kudali m'madambo mokha momwe anthu ankathirira nazale za fodya. M'matola imene adakwera, anthu adakangana njira yonse za kalembera wa makuponi a feteleza: wina akuti mudzi wawo wapatsidwa mayina makumi atatu pamene mabanja alipo zana, wina akuti kwawo adalembetsa ndi akufa omwe. Sankhani adalowerera mkanganowo mokweza mawu. Cornelius ankangoganizira malo amene anthu achinyengo amabisa zilema za galimoto.

Adatsika pa mphambano nayenda wapansi mpaka pa esiteti. Nyumba idali yanjerwa zootcha, yamalata obiriwira, koma pabwalo padali posasesa, ndipo maluwa a m'mbali mwa khonde adali atauma. A Lameki adatuluka atamva odi. Cornelius adatsala pang'ono kufunsa ngati bwana alipo. Iye ankawadziwa a Lameki ngati munthu wamkulu thupi, woseka mokweza, wovala malaya oyera tsiku lililonse. Amene adaima pakhondepa adali ndi ndevu zosameta, kolala ya malaya ikulendewera m'khosi.

Atalonjerana, a Lameki adapereka makiyi ndi bulu buku, kabuku ka umwini wa galimoto, naloza ndi mutu ku chigafa, chisakasa chachitali choyanikiramo fodya.

"Ili uko. Onani chilichonse chimene mukufuna."

Iwo sadawaperekeze. Adakakhala pa chitsa pansi pa mtengo wa mango, atafulatira chigafacho.

Galimoto idali italowa chamutu m'chigafa, itafundidwa masaka. Atachotsa masakawo Sankhani adaimba mluzu. Ngakhale idali ndi fumbi, inkaoneka ngati nyama yagona imene ikhoza kudzambatuka nthawi iliyonse.

Cornelius adayamba ndi manambala. Nambala ya chasisi idafanana ndi ya mu bulu buku, ndipo panalibe pamene padapalidwa kapena kuwotcheredwa. Ya injini chimodzimodzi. Dzina la m'buku lidali la a Lameki. Adayendetsa kamaginito thupi lonse la galimoto, kuyambira pa boneti mpaka kumbuyo, kuti amve ngati pena padamatidwa phala pobisa ngozi. Maginito adagwira paliponse. Adasolola kachitsulo koyezera oyilo, napaka pa chala, nanunkhiza. Adatsegula pothira madzi. Adalowa kunsi ndi tochi, nakhalako nthawi yaitali, akugwedeza ichi, akugogoda icho.

"Mwapeza chiyani?" adafunsa Sankhani.

"Dikirani."

Adalowa m'kati naliza injini. Idadzuka kamodzi n'kamodzi, ndi mawu okhuthala, osalala, opanda kukhosomola. Cornelius adatseka maso kuti amvetsere bwino. Powatsegula adaona kuti pa chitsa paja palibe munthu. A Lameki adali akuyenda mofulumira kulowera kuseri kwa nyumba, manja atagwira m'makutu.

Cornelius adazimitsa injini. Pa zaka zake zonse adali asanaonepo galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito yabwino ngati imeneyi, ndipo zimenezo ndizo zidamuvutitsa. Padali tinthu titatu tokha tosamveka. Galasi la m'kati loonera kumbuyo lidali litachotsedwa, osati kuthyoka, koma kumasulidwa bwinobwino. Tayala lakumbuyo la kumanzere lidali latsopano, la mtundu wina, pamene atatu enawo adali ofanana ndi odyeka pang'ono. Ndipo m'kathumba ka kuseri kwa mpando wa dalaivala adapezamo kansapato kapulasitiki kofiira, kamodzi, kosakwana ndi chikhatho chake chomwe. Adakaika m'thumba la ovolosi kuti akapereke kwa eni ake.

A Lameki atabwerera, Cornelius adapempha kuti aiyendetseko pang'ono, amve magiya ndi mabuleki.

"Kumsewu mukhoza kuiyendetsa mmene mungafunire," adatero a Lameki, maso ali pansi. "Koma pabwalo pano ayi. Muitulutse mokankha. Musaike giya yobwerera m'mbuyo pano."

"Giya imeneyo ili ndi vuto?"

"Ilibe."

"Nanga bwanji mukuitchipitsa chonchi, bwana?"

"Ndatopa nayo."

Sankhani adakodola mlamu wake ndi chigongono, kuopa kuti mafunso angakweze mtengo. Cornelius adati akufuna akasambe m'manja, nalowera ku mjigo umene udali kumunsi, pafupi ndi nyumba zaudzu za matenanti.

Pa mjigopo adapeza mayi wina wachikulire akutunga madzi. Atamupatsa moni, mayiyo adati dzina lake ndi Feliya, kwawo ndi ku Phalombe, ndipo iye ndi mwamuna wake alima fodya pa esiteti imeneyi zaka khumi. Adamupopera madzi Cornelius akusamba.

"Mwabwera kudzaitenga?" adafunsa.

"Tikuiona kaye."

"Itengeni, bambo. Chonde itengeni. Abwera atatu, onse akamva nkhani yake amabwerera."

"Nkhani yanji, mayi?"

Mayi Feliya adasiya kupopa. Adayang'ana kunyumba yamalata ija, kenaka adakhala pa mphepete mwa simenti, manja ali pa maondo.

"Abwana ndi amayi Consolata adakhala m'banja zaka khumi ndi chimodzi opanda mwana. Adayenda m'zipatala, adayenda m'mapemphero. Kenaka Mulungu adawapatsa kamtsikana, Shalom. Mwana ameneyo tonse pano adali wathu. Ankabwera kuno kudzadya mbatata kwa ine, amayi ake n'kumakalipa kuti adetsa diresi. Adali ndi zaka zitatu."

Cornelius adaleka kusamba. Madzi ankangodontha m'zala zake.

"Lidali Lamulungu, mwezi wa Juni. Ankakonzekera za kutchalitchi. Galimoto idali pabwalo paja, abwana ali m'kati, akuimba hutala kuti amayi afulumire. Mwana adali atapatsidwa kandalama kachitsulo ka chopereka. Kadamupulumuka n'kugubuduzika kuseri kwa galimoto, iye n'kukatsatira chokwawa. Ine ndinali apo ndi ndowa pamutu. Ndinakuwa, bambo. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Koma mawindo adali otseka, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Abwana ankangofuna kuitembenuza kuti iyang'ane kumsewu."

Mayiyo adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Adamunyamula m'galimoto yomweyo kuthamangira kuchipatala, ali pa miyendo ya amayi ake. Amati imathamanga kuposa zonse, koma pa boma sadafike naye wamoyo. Maliro atatha abwana adachotsa okha tayala limene lidamuponda n'kulitentha kudambo, ndipo galasi loonera kumbuyo nalonso adalimasula. Amayi adapirira masabata awiri, kenaka adapita kwawo ku Dowa. Adati sangamadzuke m'mawa uliwonse n'kumaiona."

Cornelius adathokoza ndi mawu amene iye mwini sadawamve. Kenaka adauyamba wobwerera kunyumba ija. Iye adabwera kudzasaka bodza, ndipo njira yonse adakonzekera kugwira wakuba. Tsopano adachita manyazi ndi mmene adafunsira mafunso ake aja.

Adawapeza a Lameki ali pa chitsa paja okha. Sankhani adali ku chigafa, atakhala pa mpando wa dalaivala, akuyeserera kugwira chiwongolero. Cornelius adanjuta pambali pa a Lameki, natulutsa kansapato kaja, nakapereka ndi manja awiri.

A Lameki adakayang'ana nthawi yaitali asanakalandire. Adakaika pa bondo, nayamba kukapukuta fumbi ndi chala chachikulu.

"Tidakafunafuna nyumba yonse," adatero. "Amayi ake ankati katayikira kutchalitchi."

"Pepani, bwana. Ndamva. Pepani kwambiri."

A Lameki adangogwedeza mutu.

"Ine ndabwera ndi alamu anga, koma sindingakubisireni," adapitiriza Cornelius. "Galimoto yanu ilibe vuto lililonse. Mtengo mwatchulawu ndi wochepa kwambiri. Ku Lilongwe mukhoza kupeza kuchulukitsa kanayi. Ngati simungathe kuiyendetsa, ine ndikhoza kukuperekerani, osandilipira kanthu."

"Ndikudziwa mtengo wake. Ndidaigula ndine."

"Ndiye bwanji osadikira pang'ono?"

"Ku Lilongwe ikakhala miyezi pa malo ogulitsira, ndipo nthawi yonseyo ikhala idakali yanga. Ine ndikufuna sabata ino ndikwere basi, ndikawauze amayi a Shalom kuti yapita, abwerere kunyumba." Adatembenuka namuyang'ana Cornelius m'maso koyamba. "Muli ndi ana, a makaniko?"

"Anayi."

"Mukadakhala inu, mukadafuna kupindula nayo?"

Cornelius adanyamuka kupita ku chigafa.

Adamufotokozera Sankhani zonse, osachotsera kapena kuwonjezera. Sankhani adatuluka m'galimoto msangamsanga ngati mpando watentha. Adaima chapatali, akukanda m'mutu, nayang'ana tayala latsopano lija. Patapita nthawi adayandikira nanong'ona.

"Ndiye kuti palibe wina angaigule. Bwanji tiwauze kuti tili ndi K700,000 yokha?"

Cornelius sankakwiya kawirikawiri, koma apa adapsa mtima.

"Alamu, ndimakulemekezani. Koma mukawachotsera ngakhale tambala imodzi, ine ndinyamula masipanala anga, mutulutse nokha. Ndipo Fainala ndikamuuza ndine mmene mwaigulira."

Sankhani adazyolika. Sadali munthu woipa mtima. Adangozolowera kuti pa malonda munthu amagwira mnzake pamene pali pofewa, monga mmene ogula fodya ankamuchitira iye chaka ndi chaka.

"Ndalakwa," adatero. "Koma tandiuzani zoona. Galimoto yoti idakhetsa magazi a mwana, ndikakwezemo ana anga?"

"Zimenezo mudziyankhe nokha. Ine mwandiitanira zitsulo, ndipo zitsulo zake n'zabwino. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti kumbuyo kwake n'kwakutali, munthu wamfupi saoneka. Mukaigula, galasi lija ndikuikirani lina, ndipo musadzabwerere m'mbuyo musanatsike kukaona."

Sankhani adazungulira chigafa kawiri. Kenaka adapita pansi pa mango paja, navula chipewa, nawauza a Lameki kuti aitenga pa mtengo umene adatchula. A Lameki sadaonetse kukondwa. Adangoti za kusintha dzina mu bulu buku akakumane pa boma Lachisanu, koma galimoto ichoke lero lomwe. Atatero adalowa m'nyumba natseka chitseko.

Mayi Feliya adakaitana amuna anayi ku nazale. Cornelius adakhala pa chiwongolero, injini ili yozima, chitseko chili chotsegula. Amunawo adagwira kutsogolo nayamba kukankha. Galimoto idatuluka m'chigafa chambuyo, pang'onopang'ono, osamveka kanthu koma matayala akuphwanya timiyala. Mayi Feliya, popanda womutuma, adayenda kumbuyo kwake, maso ali pansi, akuingitsa ndi nkhuku zomwe. Ana a matenanti adali ataimitsidwa kutali, aliyense atagwiridwa dzanja ndi mayi wake. Adaikankha choncho mpaka adaifikitsa kumsewu.

Kumeneko Cornelius adailiza. Magiya onse adalowa bwino, mabuleki adagwira bwino. Pa msewu wa fumbi inkayenda ngati ikuyandama. Sankhani adakhala pambali pake, chipewa chili pa maondo, ndipo mpaka pa boma sadapemphe kuti ayendetseko.

Mvula idayamba kumapeto kwa Novembala. Tsiku lina m'mwezi wa Disembala Cornelius adatseka galaja kuti akaimire mayi ake okalamba pa mzere wa feteleza wa makuponi. Mzere udali wautali, wozungulira mpanda wa depoti, ndipo anthu ankati matumba atsala ochepa. Dzuwa lili paliwombo adaona munthu akudutsa wapansi m'mbali mwa msewu, atanyamula kachikwama ndi ambulera. Adali a Lameki.

Cornelius adapempha mayi amene adali pambuyo pake kuti amusungire malo, nathamangira kumsewu. A Lameki adamuzindikira, namugwira dzanja nthawi yaitali. Ndevu adali atameta, koma thupi lidali lisanabwerere.

"Ikuyenda bwino?" adafunsa.

"Ikuyenda bwino, bwana." Cornelius sadanene kuti Fainala adakana kukweramo, ndi kuti masiku ambiri imangokhala pansi pa mtengo ku Kapelula. "Nanga kunyumba? Amayi adabwera?"

A Lameki adayang'ana mzere wa anthu uja ngati akufunamo wina.

"Ndidapita ku Dowa Loweruka lomwe lija. Adandilandira bwino. Adandiphera nkhuku, adanditungira madzi osamba. Titadya ndidawauza kuti galimoto yapita, pabwalo palibenso kanthu, tiyeni kwathu. Iwo adati, 'Bambo a Shalom, inenso ndinkayesa kuti ndi galimoto. Koma mmene mumalowa pa chipata paja, ndaona tsiku lija lonse, kuyambira hutala. Sindikudana nanu. Ndikudziwa kuti simudafune. Koma sindingathe.'"

Lole yodzaza matumba idadutsa, anthu a pa mzere nayamba kukuwa ndi kukankhana. A Lameki adadikira kuti phokoso lichepe.

"Ndapitakonso kawiri. Lero ndikuchokera komweko. Amandiperekeza mpaka pa siteji, amandinyamulira chikwama. Amafunsa za nazale, za matenanti, za denga ngati likudontha. Basi ikafika amabwerera."

"Mwina pakapita nthawi," adatero Cornelius, koma mawuwo adatuluka opanda mphamvu.

"Mwina."

Adaima choncho, anthu awiri osadziwana kwenikweni, m'mphepete mwa msewu. Cornelius adafuna kunena kanthu kena kothandiza, koma pa ntchito yake adazolowera zinthu zimene munthu amamasula, n'kuona chathyoka, n'kuikapo china. Adangotenga kachikwama ka a Lameki nawaperekeza ku siteji ya matola a ku Wimbe. Adawapezera malo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, koma iwo adakana. Adakwera kumbuyo, nakhala pa thumba la chimanga pakati pa amayi ochokera kuchigayo.

Cornelius adadikira mpaka matola idanyamuka. Pobwerera ku depoti adapeza chipata chatsekedwa, mlonda akuuza anthu kuti feteleza watha, abwerenso Lolemba. Adapinda kuponi ya mayi ake naiika m'thumba la malaya. Ku galaja sadapiteko tsiku limenelo. Adalunjika kunyumba, ndipo atapeza mwana wake wamng'ono akusewera m'matope pakhomo, adamunyamula osamukalipira, nakhala naye pakhonde mpaka mvula idayamba kugwa.